Mwanayu Umutafunire Iweyo

Mwana amene ndimayenda nayeyu sindinabereke ndine. Ndi wa achemwali anga, a Elube, amene anagona kalekale m'tauni ina imene dzina lake ndinaliiwala dala. Mwanayu ndi Malita. Chimene chandiyendetsa zaka zonsezi n'chimodzi basi, kuti chimene chinadya amake m'kati chisadzamudye iyenso. Anthu akandifunsa kumene ndikupita ndimawauza kuti kutsogoloku, ndipo amandiyang'ana ngati wozungulira mutu. Ine zimenezo sizindikhudza.

Tisanakhale atatu tinali awiri, achemwali ndi ine. Kwathu tinachokako makolo atatha, munda utakokoloka ndi madzi. Tinanyamula mbale imodzi yachitsulo, yoyera, yosupuka m'mphepete, ndipo chilichonse chimene tinadya zaka zimenezo tinadyera mmenemo, wina mbali iyi wina mbali iyo. Ndikunena zimenezi chifukwa anthu amakonda kundifunsa kuti, "Nanga iweyo bwanji uli bwinobwino?" ngati kuti ndinkabisa chakudya china m'chitenje.

Msewu woyamba unali wofiira, ndipo dzuwa linkakhala ngati laima pamodzimodzi. Unakatisiya pa mudzi wa anthu ootcha makala. Bambo wina wa maso ofiira anatiyang'ana manja n'kunena kuti, "Ntchito ilipo, koma utsi wake muuzolowere." Anatiphunzitsa kusanja mitengo, kuikwirira ndi udzu ndi dothi, ndi kuwerenga utsi. Ukatuluka woyera ndiye kuti mitengo ikadali ndi madzi. Ukayamba kupyapyala ndiye kuti makala akupsa, ndipo dothi likang'ambika pena pake uthamange ukatseke, apo ayi upeza phulusa lokhalokha. Tinkalavula zakuda, tinkamina zakuda. Chinangwa tinkawotchera pakamwa pa uvuni pomwepo, n'kumadya ndi mwaye wake.

Tsiku la msika ndi limene tinakumana ndi mayi wogulitsa makapusozi. Anakhala pansi pa ambulera yong'ambika, lichero pamiyendo, mulicheromo muli timakapusozi tofiira mbali ina, tachikasu mbali ina.

"Otsuka m'mimba awa, asisi," anatero. "Utsi wonse mwamezawo uchoka."

Achemwali anali munthu waukhondo wofika potopetsa. Ngakhale pansi pa mtengo pamene tinkangopumulirapo ankayamba asesapo. Anatenga kapusozi n'kumeza popanda madzi.

"Munthu amachapa zovala, amatsuka mbale," anandiuza. "Nanga m'mimba akutsukire ndani? Imwa iwe."

Ine chibadwire sindimeza mapiritsi. Kapusozi kamene ndinayesa kanangofika pakhosi n'kukakamira, ndinatsokomola mpaka misozi, kenako kanatuluka n'kugwera mu fumbi. Achemwali anaseka mpaka kugwira nthiti, n'kunena kuti khosi langa ndi la nkhuku. Pobwerera, mkazi wa bambo wa maso ofiira uja anatithirira chambiko m'mbale mwathu, akuti ndi chimene amuna ake amamwa akachoka ku uvuni. Achemwali ananunkhiza, n'kukwinya mphuno mbali imodzi, n'kukankhira mbale kwa ine ndi kuseri kwa dzanja.

"Mkaka wowola uwu. Chotsa."

Ndinamwa gawo langa ndi lawo lomwe.

Mitengo itatha, mudzi uja unangosungunuka. Anthu anachoka mmodzimmodzi, nafenso tinachoka. Sindikumbukira kuti tinayenda nthawi yaitali bwanji. Ndimangokumbukira kuti tinawoloka mtsinje wina umene madzi ake anali obiriwira m'mawa, ofiira masana, ndipo titautsatira unakatifikitsa m'tauni ya onyika nsalu.

Kumeneko mayi wina wonenepa anatiyang'ana manja n'kunena kuti, "Ntchito ilipo, koma utoto wake muuzolowere." Anatiphunzitsa kumanga nsalu ndi ulusi mfundo ndi mfundo, kusungunula utoto wa ufa m'migolo ya madzi otentha, kunyika ndi kufinya. Nsalu ukaimasula imatuluka ndi maluwa amene sunawajambule. Ntchito imeneyo ndinaikonda, sindinama. Koma utoto sunkachoka m'manja ngakhale utakwecha ndi mwala. Tinkadya ndi zala zobiriwira, ndipo mbatata inkafika pakamwa itasintha kale mtundu. Achemwali ankasamba m'manja mpaka khungu kusupuka, n'kumadandaula kuti utoto wina wawalowa m'kati.

Pamsika wa m'tauni imeneyo panali mayi wa ambulera yong'ambika. Nkhope inali ina, koma lichero linali lomwe lija.

"Otsuka m'mimba awa, asisi. Utoto wonse mwamezawo uchoka."

Achemwali anameza. Mwezi ukatha ankameza, mimba ikangolira pang'ono ankameza, nthawi zina awiriawiri. Pambuyo pake ankatsegula m'mimba, n'kumakondwera kuti zoipa zikutuluka. Ine ndinkapita kuseri kwa msika kumene amayi ena ankagulitsa thobwa ndi chambiko m'zigubu. Ndikawabweretsera, mphuno ija inkakwinyika mbali imodzi.

"Iwe ndiwe dzala," ankatero. "Chilichonse chimangolowa."

"Dzala silidwala, achemwali."

"Udzaona."

Mayi wonenepa uja atadwala miyendo, migolo inazizira, ndipo ife tinanyamula mbale yathu. Msewu wachitatu unali wa phula, wotentha kumapazi, ndipo unakathera pa mtaya wa zinyalala wa mzinda waukulu. Sindinaonepo phiri lopangidwa ndi anthu ngati limenelo. Pamwamba pake pankazungulira akhwangwala, m'munsi mwake munkafuka utsi wakuda bii umene sunkakwera kumwamba koma kumangoyenda ndi anthu m'misewu. Uko palibe anatiyang'ana manja. Tinaphunzira tokha poonera anzathu: kutola mawaya akale, kuwaunjika pa tayala, kuyatsa, kudikira kuti pulasitiki isungunuke n'kutsala mkuwa. Nkhuni kunalibe, choncho chimanga tinkawotcha pa moto womwewo. Chinkanunkha tayala, koma njala sinkatilola kusankha.

Amene ankagula mkuwa anali bambo wina wolankhula mokoma, a Jailosi. Ankabwera ndi sikelo ya m'manja, ndipo akafika pa achemwali ankachedwapo. Ine ndinawachenjeza kuti munthu woseka asanamve nthabwala ndi wofunika kumuyang'anitsitsa, koma anati ndikuchita nsanje. Mimba itayamba kuoneka, a Jailosi anakwera lole ya mkuwa ndipo sanabwerenso. Achemwali sanalire. Anasesa m'kanyumba kathu ka malata, n'kusesanso, mpaka pansi panakumbika.

Malita anabadwa nthawi ya mvula, wonenepa, wa mawu aakulu. Anali mwana wokonda pakamwa pa anthu. Akamayamwa, dzanja lake linkakwera pang'onopang'ono mpaka tizala titalowa m'kamwa mwa amake, ndipo achemwali ankatiluma monamizira, iye n'kuleka bere kuti aseke. Masiku amenewo ndi amene ndinawaona achemwali akusangalala kwenikweni. Ngakhale kusesa anachepetsa.

Mwana atayamba kukwawa, achemwali anayamba kutha. Chitenje chinkawazungulira kawiri. Ankapita kuchimbudzi n'kubwerako ali chete, ndipo tsiku lina ndinaona magazi. Mayi wa ambulera analiponso pa mtaya paja, wakhala pa tayala, koma ulendo uno makapusozi ake sanathandize kanthu. Ndinabereka mwana, ndinawagwira achemwali dzanja, tinatsika phiri lija.

Chipatala chinali m'tauni ina ya mitengo yambiri, yoyera moti maso ankawawa. Anawayeza, anawaunika, kenako dokotala anatiitanira m'kachipinda n'kunena kuti ndi khansa ya m'matumbo, ndipo yafalikira kale. Anawapatsa bedi ndi mankhwala oletsa ululu. Ine ndi mwana tinkakhala pakhonde pamodzi ndi anthu ena odikirira odwala awo.

Pachipatala pamenepo panali mayi wina wofufuza za matenda, Mayi Kalinde, wamfupi, wa magalasi okhuthala. Iye ndi anzake ankafufuza anthu ogwira ntchito mu utsi ndi mu utoto. Atamva kuti ndife apachibale, ogwira ntchito imodzi, odyera mbale imodzi, anabwera ndi timabotolo tiwiri n'kutipempha mwaulemu kuti tiikemo chimbudzi chathu pang'ono. Ndinamuyang'ana kuchokera kumutu mpaka kuphazi.

"Amayi, sukulu yonse munaphunzirayo ndi yoti muzipempha zimenezi?"

Anaseka. "Ndi yomweyo, mayi. Mmenemo muli nkhani zambiri kuposa m'nyuzipepala."

Patapita masiku anabweranso n'kukhala m'mphepete mwa bedi. Achemwali anamufunsa funso limene linkawadya kuposa matendawo.

"Ndiuzeni zoona. Uyu ndi ine tinameza utsi umodzi, utoto umodzi. Ine ndinkatsuka m'mimba mwezi ndi mwezi, iyeyu ayi. Nanga bwanji ndagona pano ndine?"

Mayi Kalinde anavula magalasi n'kuwapukuta ndi m'mphepete mwa malaya. Anatiuza kuti m'matumbo mwa munthu aliyense mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso, tambirimbiri, ndipo si tonse toipa. Tambiri timatithandiza kugaya chakudya. Chilichonse chimene tameza chimadutsa pa ito, ngakhale mwaye wa pa chimanga ndi utoto wa pa zala. Tina tikakumana ndi chiphe chotero timachiphwanya n'kuchifooketsa, kapena kuchigwira kuti chituluke ndi chimbudzi. Tina timachisandutsa chinthu choopsa kuposa mmene chinalowera, chimene chimatha kukawononga malangizo amene thupi limatsatira podzikonza, ndipo zikatero pena pake pamayamba kumera zosafunika.

"Ta inu awiri tasiyana kwambiri," anatero. "Ang'ono anuwa ali ndi mitundu yambiri. Inu mwatsala ndi mitundu yochepa."

"Tinapita kuti tinato?"

Anazengereza, koma anayankha. Anati makapusozi aja ndi mankhwala opha tizilombo, ndipo akamwedwa mwachisawawa sasankha, amapha tabwino ndi toipa tomwe, n'kusiya malo kwa timene tapirira.

Achemwali anayang'ana kudenga.

"Ndiye kuti ndinkasesa anthu a m'nyumba, n'kusiya akuba."

"Musanene choncho, mayi," anatero Mayi Kalinde mofulumira. "Sindinganene kuti chimenecho n'chimene chakudwalitsani. Zambiri sitinazidziwe, n'chifukwa chake tikufufuza. Ena sanamwepo kapusozi koma amadwala. Wolakwa woyamba ndi utsi uja ndi utoto uja, osati inu."

Koma achemwali anali atamva kale zimene anamva. Malita anali pachifuwa pawo akuyamwa, tizala tikukwera.

"Nanga mwana amatitenga kuti take?"

"Toyamba amatitenga kwa amake. Pobadwa, poyamwa, ngakhale pa supuni imene mayi wanyambita. Kenako kwa anthu amene akukhala naye ndi ku zakudya."

Tizala tija tinafika pamilomo. Ndinaona achemwali akutseka pakamwa, n'kutembenuzira nkhope kukhoma. Mayi Kalinde anaona zomwezo, ndipo anayamba kufotokoza kuti khansa sipatsirana choncho, kuti mkaka wa mayi ndi wabwino kuposa chilichonse, kuti asamulande mwana bere. Analankhula mpaka mawu anamuthera. Potuluka anandigwira mkono pakhonde n'kunena kuti, "Muwalankhule, mwina inu akumverani." Sankawadziwa achemwali anga.

Tsiku lomwelo masana achemwali anandituma tsabola. Ndinakana. Anatuma mayi wa pa bedi loyandikana nalo, ndipo anapaka tsabolayo kumabere monga amachitira akafuna kuletsa mwana kuyamwa. Malita anayamwa kamodzi n'kukuwa kukuwa kumene mpaka lero ndimakumva ndikakhala phee. Anayesa bere linalo, n'kukuwanso. Anawayang'ana amake modabwa, ngati akufunsa chimene walakwa.

Ndinapsa mtima. Ndinawanena achemwali mawu amene sindinawanenepo chibadwire, pamaso pa odwala onse. Ndinati ndi ouma mtima, ndinati ukhondo wawo wawapengetsa, ndinati mayi uja wanena yekha kuti sakudziwa. Anandisiya ndilankhule mpaka nditatopa.

"Wamaliza?" anandifunsa. "Iyeyo sakudziwa, inenso sindikudziwa. Ndiye ndimuyesere mwana wanga? Zimene ndinamupatsa kale sindingazibweze. Koma zotsalazo atenge kwa iwe. Bweretsa mbatata ija."

Ndinabweretsa mbatata yophika m'mbale yathu.

"Tafuna."

"Achemwali, anamwino amaletsa zimenezi."

"Amayi athu anatitafunira tonse awiri. Tafuna, umupatse. Mwanayu umutafunire iweyo, wamva? Dzala lako lija umugawireko."

Ndinatafuna ndikulira, ndinaika pachala, ndinamupatsa. Malita analavula kawiri, kachitatu anameza chifukwa cha njala. Achemwali ankayang'anitsitsa pakhosi pa mwanayo pamene chakudya chinkatsika, milomo yawo ili yotseka.

Kuyambira pamenepo sanalawenso phala la mwana, sanamuuzirenso chakudya chotentha, ndipo mbale yathu anaikana, anapempha yawoyawo. Zaka zonse zija tinadyera pamodzi, ndipo tsopano ankadyera pambali ngati mlendo. Mwana ankamunyamula, ankamuimbira ndi mphuno, koma tizala tikangoyamba kukwera ankatigwira n'kutitsitsa mofatsa. Malita sanatope. Tsiku lililonse ankayesa, ndipo tsiku lililonse ankapeza potseka. Zimenezi zinkandipweteka kuposa kuwaona akuwonda.

Anamwalira m'mawa wina dzuwa litakwera, anthu akukolopa m'wodi. Mwana anali pachifuwa pawo. Mphamvu zogwira kadzanja kaja zinali zitawathera, choncho anangoluma milomo yawo, n'kundiyang'ana kuti ndimuchotse. Ndinamuchotsa. Nditatembenuka anali atapita, pakamwa pali chitsekere, moti amayi osambitsa maliro sanavutike kumanga chibwano.

Tinawaika m'manda a tauni imeneyo, pakati pa anthu osawadziwa. Ndinabereka mwana, ndinatenga mbale, ndinayamba kuyenda.

Ndinkafuna malo opanda utsi. Ndinafika pa mudzi wina wa nthochi zambiri, ndinaphunzira kuvundika nthochi, koma kuseri kwake ankawotcha njerwa ndi matayala, ndipo ndinachoka. Ndinafika pa esiteti ya maluwa kumene bambo wina anandiyang'ana manja n'kunena kuti, "Ntchito ilipo, koma mankhwala opopera muwazolowere," ndipo ndinatembenuka asanamalize. Ndinachapa zovala za anthu m'tauni ina, ndinaphwanya miyala m'tauni ina. Kulikonse utsi unkandipeza, wa zinyalala, wa malole, wa mapepala a pulasitiki amene amayi amayatsira mbaula. Ndipo pamsika uliwonse panali mayi wa ambulera yong'ambika. Ndikamuona ndinkamuphimba Malita kumaso ndi chitenje n'kudutsa mofulumira.

Ndinamutafunira mbatata, mtedza, chimanga, mpaka atamera mano onse, ndipo ngakhale atamera ndinkayamba ndaluma chakudya chake ndisanamupatse. Anamwino a ku sikelo anandikalipira, anati ndimupatsira matenda. Mwina ankanena zoona. Ine ndinkangoti, "Chabwino, amayi," n'kukatafuna kuseri kwa chipatala. Sindikudziwa ngati zinkathandiza. Ndinkangodziwa kuti ndinatumidwa. Mwana akadandaula m'mimba mtima wanga unkaima, ndipo akapita kuchimbudzi ndinkamutsatira kukayang'ana ngati muli magazi, mpaka anafika pondithamangitsa. Ankanditcha amayi aang'ono, ankayenda ngati ine, ankatukwana agalu ngati ine, ndipo ndinayamba kukhulupirira kuti ntchito ija ndaigwira, kuti m'kati mwake monse tsopano ndi mwanga.

Madera onse amene tinadutsa anali opanda ng'ombe. Kenako, Malita atafika msinkhu wosenza ndowa yaing'ono, msewu unayamba kukwera, mphepo inazizira, ndipo tinafika pa mudzi wina wa m'mapiri wokhala ndi makola. Kumwamba kunali koyera, kopanda utsi ngakhale pang'ono. Mayi wina wachikulire amene tinamupempha madzi anatiyang'ana nkhope, osati manja, n'kutiuza kuti tikhale pakhonde. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi chigubu.

"Muli ndi mbale?" anafunsa.

Ndinatulutsa mbale yathu. Anathiramo chambiko, choyera, cholimba bwino. Fungo lake linandibwezera ku mudzi wa makala uja. Ndinaika mbale pakati pathu.

"Imwa, mwanawe. Ichi n'chimene chinandisunga ine."

Malita anawerama n'kununkhiza. Mphuno yake inakwinyika mbali imodzi. Anakankhira mbale kwa ine ndi kuseri kwa dzanja.

"Mkaka wowola uwu. Chotsani."

Palibe anamuuzapo mawu amenewo. Ndinaseka, kuseka kwenikweni kumene ndinali nditakuiwala, chifukwa achemwali anga anali atakhala pakhonde pomwepo, athunthu, ndi mwano wawo womwe. Kenako kusekako kunasanduka misozi. Ndinatafuna zaka zonsezo, iwo anatseka pakamwa mpaka kufa, koma amake anali momwemo m'kati mwa mwanayo. Ndinakondwa ndipo ndinaopa, ndipo mpaka lero sindidziwa chimene chinali chachikulu pa ziwirizo.

"Mukulira chiyani, amayi aang'ono?" anandifunsa. "Ndimwe basi?"

"Usamwe ngati sukufuna. Amako sankamwanso."

Anayang'ana ng'ombe. Za amake sankafunsa kawirikawiri.

"Kodi amayi anga anandidyetsapo?"

"Anakudyetsa mpaka tsiku limene anachita mantha."

"Ankaopa ine?"

"Ayi. Ankadziopa okha."

Anatambasula dzanja n'kundipukuta misozi imene inafika pamilomo. Tizala take tinaima pamenepo, ndipo ine sindinatseke pakamwa. Mayi wachikulire uja anafunsa ngati chambiko chake chalakwika. Ndinamuuza kuti n'chabwino kwambiri, ndinanyamula mbale, ndinamwa gawo langa ndi la Malita lomwe.